Buku linalipiridwa kale, nanga bwanji foni ikukana kulitsegula?

Funso: Ndine mphunzitsi pa sekondale ina ku Ntcheu ndipo ndikuchita maphunziro a digiri ndili pantchito pomwepa. Achimwene anga amene amagwira ntchito ku Leeds, ku Britain, anandigulira mabuku awiri a pa intaneti n'kunditumizira pa WhatsApp. Dzina la fayilo ina likuthera ndi .azw3, inayo ndi .acsm. Onse awiri akukana kutseguka pa foni yanga ya Tecno, pa tabuleti ya mwana wanga, ngakhalenso pa laputopu ya kusukulu. Mnyamata wina amene amaika nyimbo m'mafoni pamsika wati ndimupatse kangachepe andiikire pulogalamu yotsegula chilichonse. Ndimupatse? Kapena achimwene anangoberedwa ndalama?

Yankho: Aphunzitsi, ndalamayo isungeni kaye m'thumba, ndipo mtima ukhale pansi, achimwene anu sanaberedwe. Mabukuwo anagulidwadi. Kungoti chimene chinafika pa WhatsApp yanu ndi chikwama chokha, kiyi wake anatsala ku Leeds.

Buku la pa intaneti likakana kutseguka, kawirikawiri zifukwa zimakhala ziwiri, ndipo anthu amaziphatikiza ngati n'chimodzi. Choyamba ndi mtundu wa fayilo. Mukukumbukira kuti kaseti sinkalira mu wailesi ya CD, ngakhale nyimbo zake zinali zomwezo? Mafayilo nawo ali choncho, pulogalamu iliyonse ili ndi mitundu imene imaidziwa. Limeneli ndi vuto laling'ono, limatha ndi pulogalamu yaulere. Chachiwiri ndi loko amene ogulitsa amakhoma pa bukulo, amene amamutchula kuti DRM. Apa mpamene pagona nkhani yanu.

Loko ameneyu mumamudziwa kale, kungoti mumakumana naye pa mita ya magetsi. Mukagula mayunitsi amakupatsani manambala 20. Manambalawo mutha kuwatumizira aliyense, mutha kuwalemba pakhoma, koma agwira ntchito pa mita imodzi yokha, imene nambala yake munaitchula pogula. Aneba akawalowetsa pa mita yawo, iwakana. Mita yawo si yowonongeka ayi, ndipo mayunitsiwo si abodza. Anangomangiriridwa ku mita ina. Buku lokhala ndi DRM nalo limamangiriridwa ku akaunti ya munthu amene anagula, nthawi zina ku chipangizo chimodzi chenicheni. Ndiye kuyesa pa foni, pa tabuleti ndi pa laputopu kunali ngati kuyenda ndi mayunitsi a eni nyumba ndi nyumba.

Tiyambe ndi ya .azw3. Imeneyi ndi ya Amazon. Kampaniyi inagula kampani ya ku France yotchedwa Mobipocket mu 2005, ndipo pamene inkatulutsa Kindle yoyamba, chipangizo chake chowerengera mabuku, mu 2007 inatenga mtundu wa mafayilo a Mobipocket, aja othera ndi .mobi kapena .prc, n'kuwonjezerapo loko wakewake, n'kuutcha .azw. Mu 2011 kunabwera .azw3, imene ena amaitcha KF8, kenako mu 2015 kunabwera .kfx. Maina ndi ambiri koma banja ndi limodzi. Ogulitsa mabuku ena pafupifupi onse anagwirizana pa mtundu umodzi wotchedwa EPUB, umene unakhazikitsidwa mu 2007 ndipo aliyense ali ndi ufulu woupangira pulogalamu. Amazon inasankha kuyenda yokha.

Si fayilo ya .azw3 iliyonse imene ili ndi loko. Wosindikiza buku ndiye amasankha, ndipo alipo olemba amene safuna loko pa mabuku awo. Choncho musanavutike ndi zambiri, yesani kaye ichi: lowani pa Play Store, mutsitse ReadEra kapena Librera, zonse ndi zaulere, n'kutsegulira fayiloyo mmenemo. Ikatseguka, ndiye kuti vuto linali la kaseti ndi CD lija, nkhani yathera pomwepo. Ikakana, kapena ikaonetsa zilembo zosokonekera, ndiye kuti yakhomedwa. Ine ndikuganiza kuti yanuyo ikana. Fayilo yotere nthawi zambiri munthu amaikopera kuchokera mu chipangizo chake cha Kindle pogwiritsa ntchito chingwe cha USB, ndipo imakhala yomangiriridwa ku nambala ya chipangizo chimenecho. Kale Amazon inkalolanso munthu kutsitsa fayilo ya buku lake pa kompyuta kuti akaisamutsire mu Kindle ndi chingwe, koma inatseka njira imeneyi pa 26 February 2025.

Buku lokhomedwa la Amazon limatseguka mu pulogalamu ya Kindle basi. Pulogalamuyi ndi yaulere, ilipo ya Android, ya iPhone ndi iPad, ya Windows ndi ya Mac, ndipo pa kompyuta mutha kuwerenganso mu browser pa read.amazon.com osaika chilichonse. Koma mvetsani bwino apa: simutenga fayilo ya pa WhatsApp ija n'kuiponya mu pulogalamuyi. Fayilo ijayo ifufuteni, ikungodya malo. Mumalowa mu pulogalamuyo ndi akaunti imene inagula bukulo, bukulo mulipeza likukudikirani pa mndandanda, n'kulitsitsa mwatsopano. Likatsika limakhala lokonzedwera chipangizo chanucho, ndipo kuyambira pamenepo mumawerenga popanda intaneti. Mabuku ambiri amalola zipangizo mpaka 6 nthawi imodzi, ngakhale osindikiza ena, makamaka a mabuku a sukulu, amachepetsa.

Ndiye kuti mufunika imelo ndi pasiwedi ya achimwene. Nkhani imeneyi ndi ya pachibale, ine sindingakugamulireni, koma dziwani kuti akaunti ya Amazon si ya mabuku okha. Khadi yawo ya kubanki ili momwemo, adiresi ya nyumba yawo ili momwemo. Ngati avomera, chitani muli pa foni nawo, chifukwa Amazon ikaona munthu akulowa kuchokera ku Malawi mu akaunti ya ku Britain imakonda kutumiza nambala yotsimikizira ku foni ya mwiniwake, ndipo nambalayo sichedwa kutha ntchito. Lowani pa foni yanu yokha. Pa laputopu ya kusukulu, imene aphunzitsi onse amalembapo mayeso, ayi ndithu. Pa tabuleti ya mwana, ganizani kawiri.

Njira imene ine ndimaikonda ndi yakuti mukhale ndi akaunti yanuyanu. Amazon inagawa masitolo ake a Kindle potengera mayiko: achimwene amagula pa amazon.co.uk, pomwe ife a kuno timagula pa amazon.com. Ulendo wina angokugulirani gift card, khadi yokhala ndi ndalama zogulira, ya amazon.com, yosakhala ya co.uk chifukwa makadiwa sadumpha sitolo, aitumize pa imelo yanu, inu mugule nokha. Buku likatero ndi lomangiriridwa kwa inu, simudzafunikanso kugogoda ku Leeds foni ikatayika. Ngati bukuli angoligula masiku apitawa ndipo sanaliwerenge, ayesenso kulibweza, pakuti Amazon imalola kubweza buku la Kindle m'masiku ochepa oyambirira.

Tsopano ya .acsm, imene imasokoneza anthu ambiri, ophunzira bwino omwe. Taonani kukula kwa fayiloyo pa foni yanu. Mupeza kuti ndi kakang'ono zedi, ma KB awiri kapena atatu, kochepa kuposa chithunzi chimodzi. Buku la masamba 400 silingakwane mmenemo. Fayilo ya .acsm si buku, ndi kalisiti. Muli adiresi ya kumene bukulo lili ndi chilolezo chokalitenga. Dongosolo limeneli ndi la kampani ya Adobe, ndipo amaligwiritsa ntchito ogulitsa ambiri amene si Amazon kapena Apple, monga Kobo ndi Google Play Books munthu akafuna kutulutsa buku kunja kwa pulogalamu yawo, komanso malaibulale obwereketsa mabuku pa intaneti.

Kalisitiko kamatsegulidwa ndi pulogalamu yaulere yotchedwa Adobe Digital Editions. Musaisokoneze ndi Adobe Acrobat Reader ija ya ma PDF, ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ambiri amagwa pomwepa. Mukaiika pa kompyuta, musathamangire kutsegula fayilo. Yambani mwapita pa Help, musankhe Authorize Computer, mulowetse akaunti imene ikufunsidwa pamenepo, yomwe kwa zaka zambiri yakhala Adobe ID, yotsegula mwaulere ndi imelo yanu. Pansi pake pali kabokosi kokuuzani kuti mutha kupitiriza popanda ID. Kamaoneka ngati njira yachidule, koma musakachonge. Mukatero buku limamangiriridwa ku kompyuta imodzi yokhayo, ndipo tsiku limene kompyutayo idzafe kapena kuikidwa Windows yatsopano, buku lapita nayo limodzi. Mukalowa ndi akaunti, buku limatsata akauntiyo, ndipo mutha kuliwerenga pa zipangizo mpaka 6. Mukamaliza zimenezi ndiye tsegulani .acsm ija intaneti ili yoyaka. Buku lenileni, la EPUB kapena PDF, litsika n'kukakhala mu foda yotchedwa My Digital Editions, mkati mwa Documents.

Pa foni ndi pa tabuleti, ine ndimalangiza PocketBook Reader, imene imadziwa loko wa Adobe ndipo imawerengetsa bwino pa sikirini yaing'ono. Mumalowetsamo akaunti yomweyo imene munagwiritsa ntchito pa kompyuta. Yomweyo ndithu, osatsegula ina. Popeza laputopuyo ndi ya sukulu, mutha kuidumpha n'kuyambira pa foni pomwepo.

Apa pali misampha itatu, ndipo mmodzi mwa iyo ndikukayikira kuti wakukolani kale.

Woyamba: kalisitiko kamagwira ntchito kwa munthu woyamba kukatsegula. Ngati achimwene anayamba akatsegula kwawoko kuti aone ngati buku lili bwino, monga angachitire munthu aliyense wosamala, ndiye kuti mayunitsi analowa kale mu mita yawo. Inu mukayesa muona uthenga wakuti E_LIC_ALREADY_FULFILLED_BY_ANOTHER_USER. Zikatero palibe chimene mungakonze pa foni yanu. Mwina mulowe ndi akaunti yawo ya Adobe, imene mwayi wake ilibe zambiri za kubanki ngati ya Amazon, kapena iwo alembere ogulitsawo kuwapempha kuti amasule chilolezocho atumize kalisiti kena.

Wachiwiri: kalisitiko kali ndi nthawi yake. Kakakhala masiku kasanatsegulidwe kamatha mphamvu, ndipo muona E_ADEPT_REQUEST_EXPIRED kapena mawu ofanana nawo. Mankhwala ake ndi kutsitsa katsopano kuchokera pa akaunti ya sitolo imene anagulako, n'kukatsegula tsiku lomwelo.

Wachitatu ndi wa kwathu kuno kwenikweni. Uthenga womwewo umabweranso ngati wotchi ya kompyuta ili yolakwika. Makompyuta ambiri a m'masukulu mwathu ndi akale, kabatire kakang'ono ka mkati kosunga nthawi kanatha kalekale, ndiye magetsi akathima kompyuta imadzuka ikuganiza kuti tili chaka china. Loko wa Adobe amayerekeza nthawi ya kompyuta yanu ndi ya kwawo, zikasiyana amakana. Ndinakhalapo masana athunthu ndikulimbana ndi laputopu ya mnzanga wina, kuchotsa pulogalamu, kuikanso, kusintha netiweki, osadziwa kuti tsiku linali litabwerera m'mbuyo zaka zingapo. Kukonza kwake sikunatenge ndi mphindi imodzi yomwe. Onani tsiku, onani ola, ndipo chigawo cha nthawi chikhale UTC+2, chimene pa Windows chimalembedwa kuti Harare, Pretoria.

Kanthu kena kamene timaiwala: bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha singatsitse buku. Fayilo inafika bwinobwino pa WhatsApp, inde, koma kukatenga buku ku Adobe kapena ku Amazon kumafuna bandulo ya intaneti yonse. Anthu ambiri amaimba mlandu pulogalamu pomwe vuto ndi bandulo. Buku la mawu okhaokha silidya zambiri, nthawi zambiri ndi ma MB ochepa. Chimene chimadya ndi kutsitsa pulogalamuyo koyamba, komanso mabuku a sukulu odzaza zithunzi ndi matebulo.

Afunseninso achimwene kuti .acsm imeneyi anaitenga kuti. Ngati ndi ku Kobo kapena ku Google Play Books, pulogalamu ya sitoloyo imatsegula bukulo mwachindunji ndi akaunti yawo, popanda za Adobe zonsezi. Ngati anabwereka ku laibulale ya mumzinda wawo, dziwani kuti bukulo lidzitseka lokha pakatha milungu iwiri kapena itatu, ndipo kubweza wotchi m'mbuyo si nzeru yodalirika. Poti mukuchita digiri, mudzakumana nazonso zimenezi ku laibulale ya yunivesite yanu. Malaibulale ambiri a m'dziko muno amalipira nkhokwe za pa intaneti mogwirizana kudzera mu bungwe la MALICO, ndipo nkhokwe za mabuku monga EBSCO ndi ProQuest Ebook Central zikamabwereketsa buku lathunthu zimadzera mu loko wotereyu. Koma zimalolanso kutsitsa mutu umodzi kapena masamba angapo ngati PDF wamba imene siitha nthawi. Kwa munthu wolemba asayimenti, mutu umodzi umene utsale m'foni umaposa buku lonse limene lizimiririke Lachisanu.

Mitundu ina ndingoidutsa mwachangu, kuti mukadzaiona musadzadabwe. Buku logulidwa ku Apple Books lokhala ndi loko limatseguka pa iPhone, iPad ndi Mac basi, pa Tecno palibe njira. Fayilo ya .vbk ndi ya VitalSource, imafuna pulogalamu yawo ya Bookshelf. Mabuku a sukulu a Snapplify, kampani ya ku South Africa, amawerengedwa mu pulogalamu ya Snapplify. Ya .lcpl ndi kalisiti ngati .acsm koma ka loko watsopano wotchedwa LCP, amene amangofuna mawu achinsinsi, ndipo pa kompyuta imatsegulidwa ndi Thorium Reader. Za .djvu, .fb2, .cbz ndi .mobi zambiri zilibe loko, ReadEra kapena Librera pa foni ndi SumatraPDF pa Windows zimathana nazo. Ngati muli ndi EPUB ndipo mukufuna kudziwa ngati ndi yokhoma, ikopereni pambali, musinthe dzina lake lithere ndi .zip, muitsegule, muyang'ane mu foda ya META-INF. Mukaonamo rights.xml ndiye kuti muli loko wa Adobe, mukaona license.lcpl ndi wa LCP. EPUB ndi zip chabe yodzaza masamba onga a pa intaneti.

Pa kompyuta pali pulogalamu imodzi imene munthu aliyense wosunga mabuku ayenera kukhala nayo, dzina lake Calibre. Anaiyamba Kovid Goyal mu 2006, ndi yaulere, ndipo imasandutsa buku kuchoka mu mtundu wina kupita mu wina, monga .azw3 kukhala EPUB. Koma imatero ndi mabuku opanda loko okha. Mukaipatsa lokhoma imakuuzani poyera kuti bukuli lili ndi DRM, zomwenso ndi njira yabwino yodziwira chimene chikukuvutani.

Tibwere kwa mnyamata wa pamsika. Chimene angakuikireni ndi chimodzi mwa ziwiri. Mwina ndi ReadEra yomweyo kapena inzake, imene mungatsitse nokha osalipira, ndipo siitsegula buku lokhoma. Kapena ndi fayilo ya .apk yochokera kosadziwika, yolonjeza kuthyola loko aliyense. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Foni imeneyo ndi yomwe mumalandirira mauthenga a kubanki, ndi yomwe ili ndi Mpamba kapena Airtel Money, ndipo pulogalamu yoipa ikapatsidwa chilolezo chowerenga ma SMS imaona manambala onse otsimikizira amene amakutumizirani. Pa .acsm ndiye sangathe n'komwe, chifukwa mulibe buku loti athyole. Lamulo langa ndi ili: buku silithera ndi .apk kapena .exe. Wina akakutumizirani buku la dzina lotero m'gulu la pa WhatsApp, lifufuteni osalitsegula.

Mwina mufunsa kuti, nanga zida zochotsera loko kulibe? Zilipo, sindikunamizani, koma sindikuphunzitsani pano. Ku America lamulo la DMCA la 1998 limaletsa kuthyola maloko otere, mayiko ambiri anatsatira, ndipo ogulitsa onse amaletsa zimenezi mu mgwirizano umene munthu amavomera pogula. Kuno tili ndi lamulo la zokopera la 2016 ndi bungwe la COSOMA loyang'anira ufulu wa olemba, ndipo buku lomasulidwa loko silichedwa kupezeka m'magulu 10 a pa WhatsApp wolemba wake osaonapo ndi tambala yemwe. Komanso zidazo zimafuna kiyi wa mwini akaunti, ndiye fayilo imene muli nayoyo sizingaithandize.

Izi sizikutanthauza kuti ndimaukonda DRM. Ndimaona kuti amazunza munthu wolipira, pomwe wakuba akuwerenga mwamtendere. Ndipo amabisa choonadi chakuti pogula buku lokhoma simugula buku, mumagula chilolezo choliwerenga malinga ngati sitoloyo ilipo ndipo ikufuna. Mu July 2009 Amazon inafufuta mabuku awiri a George Orwell m'ma Kindle a anthu amene anali atawagula, itazindikira kuti amene anawaika pamsika analibe ufulu wowagulitsa. Inabweza ndalama n'kupepesa, koma anthu anaona kuti dzanja la sitolo limafika mpaka m'chikwama mwawo. Mu 2019 Microsoft inatseka sitolo yake ya mabuku, ndipo mabuku onse amene anthu anagulako analeka kutseguka. Nayonso inabweza ndalama, koma mabukuwo sanabwerere. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Buku la pepala limene munagula ku Limbe zaka 20 zapitazo likadali pa shelefu, mutha kubwereka mnzanu, mutha kusiyira mwana. Lokhomali simungatero.

N'chifukwa chake ulendo wina achimwene akafuna kukugulirani buku, ayambe ayang'ana pa tsamba la wosindikiza mwiniwake asanapite ku masitolo akuluakulu. Osindikiza ena a mabuku a maphunziro, monga Springer, amagulitsa PDF ndi EPUB zopanda loko, zongodindidwa dzina kapena imelo ya wogula m'munsi mwa masamba kuti asazimwaze. Mawu oti ayang'ane pa tsamba logulitsira ndi DRM-free kapena watermarked. Buku lotero akakutumizirani, ngakhale pa WhatsApp pomwepo, litseguka pa Tecno, pa tabuleti ndi pa laputopu, ndipo mutha kusunga kope lina pa memori khadi ndi lina pa fulashi. Polembetsa pogula aike dzina ndi imelo yanu, kuti chidindo cha m'munsi mwa masambacho chikhale cha inu amene muziliwerenga.